Oimba Sadathe, Atha Ndi Omvera

Pali dandaulo limodzi limene lazika mizu pakati pa ife amene imvi zayamba kutuluka. Mudzalimva pa khonde la sitolo kwa Kamwendo, pa msika wa Kapiri, m'minibasi yochoka pa boma la Mchinji kulowera ku Lilongwe, ngakhale pa siwa amuna akamaotha moto usiku. Dandaulolo ndi lakuti nyimbo zidatha. Amati oimba enieni adapita pamodzi ndi a Daniel Kachamba, a Allan Namoko, Jim Reeves ndi Don Williams, ndipo otsala lerowa ndi ana ongofuula motsatira makina. Akatero amapukusa mutu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ine mawu amenewa ndikuwakana, ndipo ndikuwakana poyera. Kuti phokoso lachuluka, zimenezo n'zoona, ndipo aliyense amene adayesapo kulankhula ndi mnzake pa phwando la ukwati masiku ano angathe kuchitira umboni. Koma kunena kuti palibenso munthu wopeka nyimbo yodekha, ya mawu omveka, naiimba ndi gitala m'manja mwake, kumeneko n'kunamizira anthu amoyo. Oimba otere alipo. Ena mwa iwo akuimbira alendo kutsidya kwa nyanja chifukwa kwawo kuno palibe wofunsa za iwo. Chimene chazilala ndi khama lathu lofunafuna, ndiponso ulemu uja wopereka kanthu kwa munthu amene wakusangalatsa.

Kodi tidakonda chiyani kwenikweni?

Munthu wotaya mbuzi amayamba wanena maanga ake asadatume ana kukaifuna. Nafenso tiyambe tanena chimene tidakonda mwa oimba akalewo.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ku America ndi ku Mangalande kudabuka oimba amene adatopa ndi chiphokoso cha magitala a magetsi. Iwo adayamba kupeka okha nyimbo zonena za moyo wawo, naziimba mofatsa ndi gitala kapena piyano. James Taylor adatulutsa chimbale chake cha Sweet Baby James m'chaka cha 1970, Cat Stevens adatulutsa Tea for the Tillerman m'chaka chomwecho, ndipo mayi Carole King adatsatira ndi Tapestry m'chaka cha 1971. Eni ake adatcha chamba chimenechi soft rock. Kuno kwathu sitidavutike n'kusiyanitsa mayina. Tidaziika nyimbozi m'dengu limodzi ndi za Jim Reeves, amene adafa pa ngozi ya ndege m'chaka cha 1964, ndi za Don Williams, amene adamwalira mu 2017, ngakhale awiriwa eni ake amawawerengera ku chamba cha country. Kwa ife zonse zidali nyimbo zoziziritsa mtima, zomvera Lamulungu masana.

Chamba chimenechi sichidatidabwitse chifukwa tidali nacho kale chathuchathu. Mchinji akadali kutchedwa Fort Manning, makolo athu ankazungulira kawailesi kaja kooneka ngati sefuliya, kamene kadayamba kugulitsidwa mu 1949, namamvera a Alick Nkhata akuimba ndi gitala kuchokera ku nyumba ya mphepo ya ku Lusaka. Pambuyo pake MBC, imene idayamba m'chaka cha 1964, idatibweretsera a Daniel Kachamba a ku Chileka, amene gitala limodzi linkamveka ngati anthu atatu m'manja mwawo. Idatibweretsera a Allan Namoko a ku Thyolo, munthu wosaona amene banjo yake inkalira za ana amasiye. Idatibweretsera a Stonard Lungu, a Robert Fumulani, gulu la Kalimba ndi nyimbo yawo ya Sometimes I Wonder, ndiponso a Paul Banda ndi Alleluya Band imene idabadwira pa parishi ya Balaka mu 1978.

Mukawaika pamodzi anthu onsewa, a kuno ndi a kunja omwe, mupeza zizindikiro zinayi. Choyamba, mawu a nyimbo ankamveka lililonse, moti mwana ankatha kuwaloweza atamva kawiri. Chachiwiri, nyimbo inkanyamula nkhani: ya mkamwini wozunzika, ya wa ku Joni wosalemba kalata, ya chikondi chimene chatha. Chachitatu, chida chinkaimbidwa ndi zala za munthu, ndipo unkamva chala chikutsetsereka pa nsambo. Chachinayi, woimbayo sankathamanga. Ankasiya mpata woti womvera aganize.

Ngati zimene tikufuna ndi zinayi zimenezi, ulendo wathu uli ndi kolowera. Koma tiyeni tinene chilungamo, makolo anzanga: ambiri mwa ife chimene tikulira si nyimbo ayi. Tikulira unyamata wathu. Tikufuna woimba amene adzatibwezere tsiku lija tidavala buluku loyamba, tikuyenda pa njinga kukaona mbeta ku Mkanda. Woimba wotero sadzabadwa. Madzi akatayika saoleka, ndipo n'kulakwa kuimba mlandu mwana wa zaka 25 chifukwa chakuti walephera kutibwezera zaka zathu.

Kale silidali lokoma lokhalokha

Amene amati nyimbo zonse zakale zidali zabwino aiwala mmene nthawi imapetera. Nthawi ili ngati mayi wogwira lichero: gaga amauluka, mphale n'kutsala. Nyimbo zimene tikukumbuka lero ndi mphale ya zaka makumi asanu. Zachabe zidalipo zambirimbiri, ndipo zidaiwalika. Tsono ife tikutenga mphale yopetapeta ya kale n'kumaiyerekeza ndi chimanga cha lero chimene chikadali mumtondo. Mlandu wotere ngwokondera.

Tikumbukirenso kuti kwa zaka pafupifupi 30 dziko lino lidali ndi nyumba imodzi yokha youlutsa mawu. Munthu sankafunafuna nyimbo, zinkamupeza yekha ali pakhonde. Wina ku Blantyre ankatisankhira, ife n'kumangolandira. Tidazolowera kudyetsedwa. Lero mawailesi achuluka, nyimbo zili m'foni ya mwana aliyense, ndipo udindo wosankha wagwera ife eni ake. Ndi udindo umenewu umene tikuuthawa pamene tikuti nyimbo zidatha.

Ndipo akalewo tisadzitame nawo kwambiri, ngati kuti tidawasunga bwino ali moyo. A Daniel Kachamba ndi mng'ono wawo Donald ankaimba m'misewu ya Blantyre pamene Gerhard Kubik, katswiri wa ku Vienna, adakumana nawo mu 1967. Padafunika mlendo kuti ife tizindikire kuti pakati pathu pali mmisiri woti maiko a ku Ulaya amve. A Daniel adamwalira mu 1987 ali ndi zaka 40 zokha. A Namoko adatisiya mu 1995 alibe chuma cholingana ndi mbiri yawo. Tidawavina, tidawajambula pa makaseti obwerekana, koma m'thumba mwawo tidaikamo zochepa. Mbadwo umene udachita zimenezi uyenera kutsitsa mawu podzudzula ana.

Nawa amene mukuti kulibe

Wokana kuti kulibe nyama m'tchire umamuonetsa mapazi ake. Nawa mayina, kuti amene ali ndi makutu akayese yekha.

Amene adakonda liwu lofatsa ndi mawu ozama akamvere Lawi, dzina lake lenileni Francis Phiri, amene nyimbo yake ya Amaona Kuchedwa idamveka m'dziko lonse kuyambira mu 2013, ndipo chimbale chake cha Sunset in the Sky chidatuluka mu 2017. Amene adakonda munthu mmodzi wodzaza bwalo ndi gitala, monga ankachitira a Kachamba, akamvere Faith Mussa, amene amatha kuimba yekha, manja ali pa gitala, mapazi akusunga kugunda kwa nyimbo. Amene adakonda nkhani zoluma koma zoseketsa akamvere Edgar ndi Davis, anyamata awiri amene adaphunzira za malamulo koma osataya gitala. Amene akufuna kumva zida za makolo zikuyankhana ndi gitala akamvere Peter Mawanga ndi gulu lake la Amaravi Movement. Kuchokera ku chigwa cha Shire kuli Agorosso, woimba m'Chisena, ndipo mwa amayi muli Keturah, amene chimbale chake chidajambulidwa ku America n'kutuluka mu 2023.

Nanga olira banjo ya a Namoko? Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, amene amadziwika kuti Madalitso Band, adaimba zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe, wina ndi babatoni wa nsambo imodzi wopanga yekha, wina ndi gitala la nsambo zinayi ndi ng'oma yoomba ndi chidendene. Ambiri a ife tidawadutsa tikuthamangira basi. Mu 2017 adakaimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo zimbale zawo za Wasalala mu 2019 ndi Musakayike mu 2022 zidatulutsidwa ndi kampani ya ku Switzerland. Kodi simukuona kuti nkhani ya a Kachamba yabwerezeka? Patapita zaka 50, mlendo ndiyenso watitolera chimene chidagwa pakhomo pathu.

Amene amati ana a lero alibe ulemu kwa akale aganizire za a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930. Edgar ndi Davis adatsagana nawo ku America mu 2016, kumene adakaimba ku Library of Congress mumzinda wa Washington. Mu 2020 Patience Namadingo adakhala nawo pansi naimba nawo nyimbo zawo zakale, ndipo ya Linny Hoo idafalikira pa intaneti mpaka kumveka m'maiko amene a Chalamanda sadapondeko. Adakweza gogo ameneyu ndi anyamata, pamene ife a msinkhu wa ana ake tidali titamuzolowera ngati mtengo wa m'mbali mwa njira.

Kunjanso mzere sudaduke. Norah Jones adatulukira mu 2002 ndi chimbale cha Come Away with Me, chodekha ngati za Carole King. Michael Kiwanuka, wobadwira ku London kwa makolo a ku Uganda, adayamba ndi Home Again mu 2012, ndipo aliyense wokonda nyimbo za m'ma 1970 adzamva fungo lake mmenemo. Zahara wa ku South Africa, amene adamwalira mu December 2023, adagwedeza chigawo chino chonse ndi Loliwe mu 2011 atanyamula gitala. Ndipo nyimbo ya Fast Car, imene Tracy Chapman adatulutsa mu 1988, idaimbidwanso mu 2023 ndi Luke Combs, mnyamata wobadwa nyimboyo itatuluka kale, n'kukweranso pamwamba. Kumenekonso ana akutola zimene akulu adasiya.

Wina adzati: onsewa ndawamva, koma palibe wofanana ndi a Kachamba. Yankho langa ndi lakuti sayenera kufanana nawo. Mwana wofanana ndi bambo wake m'zonse, mayendedwe ndi chifuwa chomwe, tikhoza kumuopa. Timayembekeza kuti atenge magazi, koma nkhope ikhale yake. A Kachamba nawonso sadali chithunzi cha munthu wina. Adatenga kwela ya ku Joni, natenga rumba, nasakaniza ndi za kwawo ku Chileka, ndipo akulu a nthawi imeneyo sadalephere kunena kuti ana aononga nyimbo. Wofuna chithunzi akagule chithunzi. Wofuna wolowa m'malo alole kuti wolowayo alankhule ndi liwu lake, za mavuto a nthawi yake.

Makina sangatisankhire

Pali gulu lina limene ndikutsutsana nalo, ndilo la ophunzira amene amati vuto limeneli lidatha ndi foni. Amati ukangolemba dzina la James Taylor pa YouTube kapena pa Spotify, makinawo akupatsa okha mndandanda wa ofanana naye. Zoona, amatero, ndipo pa oimba a kunja amathandiza ndithu. Koma tidziwe mmene amagwirira ntchito. Makinawo alibe khutu la munthu wa kwa Mlonyeni. Kwakukulu amawerenga chiwerengero: amaona kuti anthu amene adamvera uyu adamveranso uje, ndipo amakankhira patsogolo amene wamveredwa kale ndi ambiri. Tsono anthu ochuluka omvera kudzera m'njira imeneyi ali m'maiko olemera ndi m'mizinda. Mlimi wa mtedza wa ku Mikundi, amene amagula mayunitsi mowerengera, kuwerengako sikumufika. Mnyamata woimba bwino pa msika wa Waliranji, amene sadajambulitsepo nyimbo mu situdiyo, kwa makinawo kulibeko.

Kumudzi kuno makina athu enieni ndi mnyamata uja wokhala ndi kompyuta m'kakanyumba ka pa msika, woika nyimbo m'mafoni ndi m'timakadi. Iyeyo ndiye wasanduka MBC ya masiku ano. Amadzaza kakadi ndi zimene anthu ambiri apempha sabata imeneyo. Bambo amapereka kakadi kake nati, "Undiikire zabwino," osatchula dzina ngakhale limodzi, ndipo akafika kunyumba amadandaula kuti amuikira phokoso. Safunsa adadya phula. Mnyamatayo ndi wamalonda: anthu khumi akamufunsa Lawi kapena Agorosso, sabata yamawa adzakhala nazo.

Koma pomwepa pali chilonda chachikulu. Nyimbo mazanamazana zimalowa m'kakadi pa mtengo wosakwana botolo la zoziziritsa kukhosi, ndipo wozipeka uja kawirikawiri saonapo kanthu kolingana ndi thukuta lake. Bungwe la COSOMA, loteteza opeka nyimbo ndi olemba, lidakhazikitsidwa mu 1992, ndipo lamulo la umwini wa zopekapeka lidakonzedwanso mu 2016. Komabe lamulo silingalowe m'thumba la munthu aliyense. Tiganizire bwino: nyimbo ya pa kompyuta munthu mmodzi amaimaliza usiku umodzi, pamene nyimbo ya zida zenizeni imafuna gitala, nsambo, oimba anzake, masiku oyeserera ndi situdiyo. Ngati zonse ziwiri tizitenga ulere, yotsika mtengo ndiyo idzapulumuke. Phokoso limene tikudandaula nalo talilima tokha ndi kuumira kwathu.

Mwayi wa ife a m'malire

Ife a ku Mchinji tili ndi mwayi umene anzathu a m'maboma ena alibe. Chipata ali pafupi nafe kuposa Lilongwe. Chilankhulo n'chimodzi, maukwati ndi amodzi, ndipo mphepo ya wailesi siima pa chipata cha Mwami kuti idindidwe chiphaso. Amene wailesi yake imakoka Mudziwathu ya konkuno ndi Breeze FM ya ku Chipata ali ndi nkhokwe ziwiri. Tsidya ilo kuli oimba ndi gitala monga James Sakala ndi Mumba Yachi, amene akuyenda m'mapazi a akulu awo.

Kuchokera tsidya lomwelo titengenso phunziro. Mu 1975 Pulezidenti Kenneth Kaunda adalamula kuti nyimbo zochuluka zedi zoulutsidwa pa wailesi ya dziko lake zikhale za a ku Zambia eni ake. Zaka zotsatira zidabala oimba ambiri, ena a magitala aukali monga Paul Ngozi, ena odziwanso kufatsa monga Rikki Ililonga. Luso lidalipo kale, linkangosowa khomo. Sindikupempha kuti boma litilamule zomvera. Ndikungosonyeza kuti oimba amamera pamene pali owafuna, monga bowa amamera pamene pagwa mvula.

Tsono tichite chiyani? Zochita zake n'zapafupi, ndipo sizifuna komiti.

Mawailesi ambiri ali ndi mapologalamu a zopempha omvera. Oimba foni ndi achinyamata, n'chifukwa chake zoulutsidwa ndi zawo. Bambo kapena mayi amene amatha kuimba foni kupereka moni kwa alamu ake angathenso kutchula dzina la woimba wodekha wa lero. Muulutsi amatsata omvera ake.

Pa ukwati timalipira ndalama zambiri kubwereka zinkuzamawu zogonthetsa m'khutu, agogo n'kuthawira kuseri kwa nyumba. Bwanji osapatula ola limodzi, nthawi ya chakudya, n'kuitana mnyamata wa gitala wa m'mudzi momwemo, n'kumulipira monga timalipirira wophika ndi wojambula zithunzi? Pelekanipelekani wa ola limodzi lokha angamugulire nsambo za chaka chathunthu.

Woimba akabwera kudzaimba pa boma kapena ku Chipata, tilipire pakhomo m'malo mosuzumira pa mpanda. Akamagulitsa yekha nyimbo zake, tigule kwa iye. Kupatsa n'kuika.

M'makwaya a m'maparishi athu, ku Ludzi, ku Guilleme, ku Kachebere ndi kwina, muli ana a makutu akuthwa. Alleluya Band idayamba ndi ana otere, ndipo m'menemo mudatuluka a Lucius Banda, amene dziko lidawalira mu June 2024. Koma m'nyumba zambiri mwana akagwira gitala timamukalipira kuti adzakhala chidakwa. Tikatero madzulo ake tidandaula kuti kulibe oimba. M'mera mpoyamba: gitala limene lapachikidwa kuchipinda kuyambira nthawi ya makaseti litsitsidwe, lipatsidwe mdzukulu.

Pomaliza, tikhale pansi ndi ana athu. Iwo amadziwa njira za m'foni, ife timadziwa kukoma kwa nyimbo yopsa bwino. Muuzeni mwana wanu kuti, "Imva iyi ya a Namoko, tsono undipezere wa masiku ano woimba motere." Mudzadabwa ndi zimene adzabweretsa, ndipo iyenso adzadabwa kuti bambo ake ali ndi khutu. M'nyumba zambiri kholo ndi mwana adaleka kumvera chinthu chimodzi pamodzi: wina ali ndi wailesi pakhonde, wina watseka makutu ndi timawaya kuchipinda. Kufunafuna woimba watsopano kungakhale chifukwa chowakhazikanso pa mphasa imodzi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nyimbo yofatsa siikuwa pa msika, imadikira woifuna. A Kachamba ndi a Namoko tidawazindikira mochedwa, ndipo maliro awo tidalira mokweza kuposa mmene tidawaombera m'manja. Amene akuimba lerowa akadali moyo, ali ndi lendi yoti alipire ndi ana oti awaphunzitse. Tikapitiriza kunena kuti kulibe, tsiku lina mawu athuwo adzasanduka oona, ndipo mlandu wake sudzakhala wa ana.